Funsani za Umoyo: katemera akachepa pa mliri wa chimfine, ayambe kubayidwa ndani?

Mwezi uno mauthenga ambiri omwe afika akuzungulira nkhani imodzi, ya chimfine cha mbalame chomwe chakhala chikumveka pa wailesi chija, ndi funso loti mliri wa chimfine utabuka katemera nkukhala wochepa, woyamba kubayidwa akhale ndani. Ndasankhapo angapo, ena ndawafupikitsa poti anali ataliatali kwambiri koma mfundo zake sindinasinthe.

Zikomo mayi a zaumoyo. Ndamva kuti ku America chimfine cha mbalame chalowa ng'ombe za mkaka ndipo anthu ena ogwira ntchito m'makola adwalapo. Funso langa ndi loti zinthu zikafika povuta bwanji boma osangogula katemera wa aliyense nthawi imodzi? Zosankhana sankhanazi ndi zomwe zimabweretsa chidani pakati pa anthu. Bambo a ku Area 25, Lilongwe

Bambo, zomwe mwamvazo nzoona, kachilombo kotchedwa H5N1 kanapezeka mu ng'ombe za mkaka ku America mu Malichi 2024 ndipo ena ogwira ntchito m'mafamu anatengera, koma sikanafike poti kazidumpha mosavuta kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake, nde musagone ndi mantha. Koma funso lanu ndi lofunika kuliyankha pano pomwe kuli bata, osati mliri utalowa kale m'nyumba.

Vuto si ndalama zokha ayi. Katemera wa chimfine amapangidwa molingana ndi kachilombo komwe kabukako, nde simungapangiretu wokwanira dziko lonse nkusunga musanadziwe kuti kachilombo kake ndi kati. Komanso mafakitale ambiri mpaka lero amameretsa kachilomboka m'mazira a nkhuku, eya mazira enieni, mamiliyoni ambirimbiri, ndipo kuchokera tsiku lomwe akatswiri akazindikira kachilombo katsopano kufika tsiku lomwe botolo loyamba lituluke mu fakitale pamadutsa miyezi 5 kapena 6. Ndipo silituluka lonse tsiku limodzi, limabwera pang'ono pang'ono sabata ndi sabata.

Taonani za 2009. Chimfine cha H1N1, chomwe anthu ankangoti chimfine cha nkhumba, chinayamba kumveka ku Mexico ndi ku America cha mu Epulo, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti ndi mliri pa 11 Juni 2009, koma ku America komwe, dziko la ndalama zake, katemera anayamba kufika m'zipatala mu Okutobala, matenda atafika kale pachimake, ndipo wofikayo anali wochepa kwambiri poyerekeza ndi yemwe boma linalonjeza. Anthu anaima pamizere italiitali ena nkubwerera osabayidwa. Nde ngati zinali choncho kwa eni mafakitale, kwathu kuno kusankha woyamba sitingakuthawe, kaya tifune kaya tisafune.

Mu Julayi 2009 akatswiri olangiza WHO pa za katemera anati dziko lililonse liyambe ndi ogwira ntchito m'zipatala, kenako lione lokha mmene lingaikire magulu enawa: amayi oyembekezera, anthu a matenda a mgonagona monga asima ndi shuga, achinyamata ndi akulu a zaka 15 mpaka 49, ana, kenako a zaka 50 mpaka 64, ndi okalamba a zaka 65 kupita mtsogolo. Chifukwa choyambira achipatala ndi chosavuta kumva, namwino akagona ndi malungo wodi yonse yagona, ndipo si odwala chimfine okha ovutika komanso mayi wobwera kudzachira usiku ndi mwana wa likodzo ndi wangozi ya pamsewu.

Pa za chidani, ine ndikutsutsani pang'ono bambo. Chomwe chimakwiyitsa anthu si kusankhako, ndi kusankha mobisa. Mu 2005 ku America a zaumoyo anaitanitsa anthu wamba, osati madokotala, kumisonkhano kuyambira ku Atlanta nkuwafunsa kuti katemera atachepa cholinga choyamba chikhale chani, ndipo anthuwo atamva mbali zonse anati choyamba titeteze omwe amachititsa kuti dziko liziyendabe, kenako tichepetse imfa.  Munthu ukamufotokozera bwino nkumufunsa maganizo amavomera kudikira.

Ine ndimasamala agogo anga a zaka 81. Mnzanga wina wandiuza kuti pa chimfine cha 2009 okalamba anawaika kumapeto kwa mzere. Kodi zimenezi si mwano? Pa Covid paja ankati okalamba ayambe, nde zimasintha bwanji? Ine zikundiwawa chifukwa zikuoneka ngati akuti agogo atha ntchito. Mtsikana wa ku Dedza

Achemwali, kupweteka kwanuko ndikukumvetsa, ndipo Mulungu akudalitseni posamala agogo. Mnzanuyo sananame. Ku America magulu oyamba mu 2009 anali amayi oyembekezera, osamala makanda osakwana miyezi 6, achipatala, ana ndi achinyamata kuyambira miyezi 6 mpaka zaka 24, ndi akulu a zaka 25 mpaka 64 omwe ali ndi matenda ena. Opitirira zaka 65 anauzidwa kuti adikire kaye, ndipo ambiri anakwiya poti chaka ndi chaka iwowo ndi omwe ankaitanidwa koyamba kukabayitsa katemera wa chimfine cha nthawi yozizira.

Koma chifukwa chake sichinali choti atha ntchito. Chinali choti kachilombo ka 2009 kanali pachibale ndi tizilombo ta chimfine tomwe tinkazungulira padziko kuyambira 1918 mpaka 1957, nde anthu obadwa kale matupi awo anali atakumana kale ndi wachibale wake ndipo ambiri anali ndi chitetezo ndithu, pomwe ana ndi achinyamata matupi awo sanali kumudziwa mlendoyu mpang'ono pomwe. Zotsatira zake zinaonekera pamaliro. Akatswiri atawerengetsa pambuyo pake anapeza kuti anthu pakati pa 151,700 ndi 575,400 anamwalira m'chaka choyamba cha mliriwo, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 aliwonse anali osakwana zaka 65. Pa chimfine cha masiku onse zimakhala mosiyana, ambiri omwalira amakhala okalamba.

Chimfine cha 1918 ndiye chinali choopsa zedi pankhani imeneyi. Chinapha anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ndipo chinkagwetsa kwambiri anyamata ndi atsikana amphamvu zawo a zaka 20 mpaka 40, omwe ndi olima, obereka, odyetsa banja. Ku South Africa anthu pafupifupi 300,000 anatha m'masabata 6 okha, mpaka mwezi wa Okutobala chaka chimenecho amautchula kuti wakuda. Kuno ku Nyasaland chinafika kumapeto kwa 1918 nthawi yomwe asilikali ndi amtengatenga ankabwerera kwawo kuchokera kunkhondo, ndipo m'midzi yambiri agogo ndi omwe anatsala akulera ana amasiye. Nthawi imeneyo kunalibe katemera wa chimfine, koma akanakhalapo wochepa mukuganiza kuti agogo a nthawi imeneyo akanati ayambe ndani? Ine ndikukhulupirira kuti akanakankhira ana awo kutsogolo.

Covid inali ina, iyo inkapha kwambiri okalamba ndi a matenda a shuga ndi BP, nchifukwa chake kuno opitirira zaka 60 anali m'gulu loyamba mu 2021. Nde mzere sukhala umodzimodzi mliri uliwonse, umatsatira komwe imfa ikulowera. Mliri wotsatira ukhoza kuika agogo anu patsogolo penipeni kapena kumbuyo, zitengera kachilombo kake. Chomwe ine ndimadandaula nchoti a zaumoyo nthawi zambiri amangolengeza mndandanda pa wailesi osanena chifukwa, nde munthu ngati inu akamva kuti okalamba adikire amamva mwano, ndipo sindingamudzudzule. Agogo ayenera kuuzidwa mwaulemu m'chinenero chawo kuti agogo, matendawa akulimbana kwambiri ndi zidzukulu zanu, inu thupi lanu likuwadziwako kale. Ndipo dziwani kuti inuyo wowasamala mukabayidwa, mwawatchingirako nawonso, chifukwa chimfine sichimawapeza agogo kumunda, chimabwera ndi omwe amalowa ndi kutuluka m'nyumbamo.

Mayi, tisanamizane. Mndandanda ulembedwa bwinobwino koma oyamba kubayidwa adzakhala mabwana, akazi awo, ana awo ndi madalaivala awo. Ife a kumudzi tidzangomva kuti watha. Nde tivomerezenji zinthu zoti ena sazitsatira? Mphunzitsi wa ku Mangochi

Aphunzitsi, apa mwakhudza pachilonda penipeni, ndipo sindikuuzani kuti mukuganiza molakwa chifukwa zomwe mukuopazo zinachitikapo, ndipo osati ku Africa kokha monga ena amaganizira.

Ku Canada kumapeto kwa Okutobala 2009, anthu akuima panja pozizira kwa maola ambiri ndi ana m'manja, zinamveka kuti osewera a timu ya Calgary Flames ndi mabanja awo abayidwa mwapadera pamalo awoawo, ndipo nthawi yomweyo zipatala za anthu wamba m'chigawo cha Alberta zinaimitsa kubaya kamba koti katemera wachepa. Anthu anapsa mtima kwambiri mpaka ena ogwira ntchito ku zaumoyo anachotsedwa ntchito. Ku New York mu Novembala chaka chomwecho zinadziwika kuti makampani akuluakulu a zandalama monga Goldman Sachs ndi Citigroup alandira katemera pomwe madokotala ena a ana anali asanalandire wokwanira. Makampaniwo anati wathuyu tibaya antchito okhawo omwe ali m'magulu oyamba monga oyembekezera, mwina zinali zoona, koma ndani anamvera? Anthu anangoona kuti a ndalama alandira.

Ku Germany ndiye kunachitika zina. Boma linagulira nduna, akuluakulu a m'maofesi ndi asilikali katemera wa mtundu wina wotchedwa Celvapan pomwe anthu wamba anawagulira Pandemrix yemwe anali ndi mankhwala owonjezera olimbikitsa chitetezo. Boma linafotokoza kuti zinangochitika kamba ka mapangano akale ogulira zinthu, osati kuti wina ndi wabwino kuposa mnzake, mpaka ofesi ya Angela Merkel, mtsogoleri wa dzikolo nthawi imeneyo, inanena kuti iye adzabayitsa wa anthu wamba yemweyo, koma mawu oti katemera wa mabwana ndi katemera wa amphawi anali atafala kale. Pamapeto pake obayitsa ku Germany sanafike ngakhale mmodzi mwa anthu 10 aliwonse. Zifukwa zinalipo zingapo, matendawo sanaope monga ankaopera, koma nkhani iyi inathandizira kwambiri kuti anthu ataye chikhulupiriro. Pa Covid napo ku Peru mu Febuluwale 2021 zinaululika kuti anthu mazana angapo kuphatikizapo Martín Vizcarra, yemwe anali pulezidenti pa nthawi yomwe ankabayidwayo, analandira katemera mwachinsinsi achipatala asanayambe, nduna zinatula pansi udindo. Ku Argentina mwezi womwewo nduna ya zaumoyo Ginés González García inachoka pampando pankhani yofanana.

Zili ngati chimanga cha thandizo nthawi ya njala. Maina akawerengedwa mokweza pabwalo la amfumu, aliyense akumva kuti tayamba ndi amayi amasiye awa ndi agogo awa osatha kulima, anthu amabwerera kwawo chimanjamanja koma mtima uli mmalo. Maina omwewo akalembedwa usiku m'nyumba mwa munthu, ngakhale atakhala olondola, mudzi umagawikana.

Nde yankho langa si loti mukane mndandanda, chifukwa popanda mndandanda ndiye kuti mwawapatsa mabwana aja ufulu wonse, wamphamvu ndi wodziwana ndi anthu ndi amene adzabayidwe basi. Mndandanda ndi chida cha inu wopanda dzina. Chofunika nchoti ulengezedwe mliri usanafike, umatidwe pakhoma la chipatala chilichonse m'Chichewa, Chiyao, Chitumbuka ndi zinenero zina, chiwerengero cha katemera wofika pa boma lililonse chidziwike, makomiti a zaumoyo a m'midzi ndi mafumu ndi a mipingo ndi a mizikiti aziona nawo kaundula, ndipo wodumpha mzere alangidwe poyera posatengera kuti ndi ndani. Inu aphunzitsi muli ndi mawu m'dera lanu, zimenezi mukhoza kuzifunsa kumisonkhano ya chitukuko panopa.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna tisiyanitse. Mtsogoleri kubayidwa poyera makamera akujambula si kudumpha mzere. Pa 11 Malichi 2021 Lazarus Chakwera anabayitsa katemera wa Covid ku Zomba, Saulos Chilima ku Mzuzu, ndipo cholinga chinali choti anthu aone kuti si poizoni, poti nthawi imeneyo mphekesera zinali ponseponse pa WhatsApp. Munthu mmodzi kapena awiri pamaso pa dziko lonse ndi katemera yemweyo wa aliyense, zimenezo nzothandiza. Zoipa ndi za mseri zija, mlamu wa bwana ndi mnzake wa kubawa.

Ndine mlangizi wa zaumoyo, HSA, ndagwira ntchito zaka zambiri kumudzi. Aliyense akuti ife tili ndi mwayi poti timayamba kubayidwa. Koma kunena zoona anzanga ambiri amati akutiyesera ife kaye kuti aone ngati tifa. Ineyo ndiziwayankha chani, poti nanenso nthawi zina mtima umagunda? Bambo a ku Mzimba

Bambo, zikomo ponena zoona, chifukwa ili ndi gawo lomwe olemba mapulani m'maofesi amaliiwala. Iwo amaganiza kuti aliyense adzalimbirana kukhala woyamba, pomwe ena ukawaika patsogolo amafunsa kuti bwanji ine, mwandiona chani?

Musawayankhe anzanuwo kuti katemera alibe vuto lililonse, chifukwa si zoona ndipo akadzamva kwina adzasiya kukukhulupirirani pa zonse. Mu 1976 ku America boma la Gerald Ford linabaya anthu oposa 40 miliyoni poopa chimfine cha nkhumba chomwe chinapezeka pa kampu ya asilikali ya Fort Dix, mliriwo sunabwere nkomwe, koma panapezeka kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 100,000 obayidwa anadwala matenda ofooketsa ziwalo otchedwa Guillain-Barré, ntchitoyo nkuimitsidwa mu Disembala chaka chomwecho. Mu 2010 ku Finland ndi ku Sweden anaona kuti ana ena omwe analandira Pandemrix uja ayamba matenda ogona mwadzidzidzi masana, ndipo kafukufuku anatsimikiza kuti panali kugwirizana, ngakhale zinali zosowa kwambiri, mwana mmodzi mwa masauzande ambiri. Mabanja amenewo anavutika zenizeni ndipo palibe chifukwa chobisira.

Koma onaninso mbali inayi. Mavuto onse awiriwa anagwidwa chifukwa panali anthu olemba ndi kutsatira zomwe zikuchitikira obayidwa, ndipo atagwidwa zinthu zinasinthidwa. Ndipo katemera akamafika m'manja mwanu kumudziko amakhala atayesedwa kale pa anthu odzipereka okha, komanso kunena zomvetsa chisoni, amakhala atabayidwa kale anthu mamiliyoni ku Ulaya ndi ku America miyezi yambiri ife tisanamuone. Pa Covid ku Britain anayamba kubaya mu Disembala 2020, kuno katemera woyamba okwana 360,000 anatera pa 5 Malichi 2021. Nde zoti akuyesera pa ife pankhani ya mliri sizikugwirizana ndi mmene zinthu zimayendera, dandaulo lathu lenileni ndi loti timalandira mochedwa.

Chifukwa chomwe inu mumayambira nchoti wodwala aliyense wotsokomola amabwera kwa inu, amakutsokomolerani kumaso kusikelo, pakhomo, pa kachipatala kopanda mawindo okwanira. Mpata woti mutenge matenda ndi waukulu kuposa wa munthu wina aliyense m'mudzimo, ndipo mukatenga mumakagawira makanda ndi amayi oyembekezera omwe mukuwathandizawo.

Komanso anthu amakuyang'anani. HSA akakana, mudzi wonse wakana, palibe uthenga wa pa wailesi ungakonze zimenezo. Paja mu Meyi 2021 unduna wa zaumoyo unatentha katemera wa AstraZeneca okwana 19,610 ku Kamuzu Central Hospital chifukwa anali atadutsa tsiku lake. Mbali ina vuto linali loti anafika mochedwa, kutatsala masabata osakwana 3 kuti athe mphamvu, koma mbali ina anthu sankabwera mwachangu kamba ka mantha ndi mphekesera. Katemera yemwe maiko ankalimbirana, ife tikutentha. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Nde mtima ukamagunda funsani mafunso kwa akuluakulu anu, muli ndi ufulu wodziwa dzina la katemera, komwe wachokera, zovuta zomwe zingabwere ndi komwe mungakanene zikachitika, ndipo iwo ali ndi udindo wokuyankhani musanayambe kubaya ena. Kukakamiza achipatala popanda kuwafotokozera ine sindigwirizana nako, kumangobala anthu obayitsa mokwiya omwe madzulo akauza anansi kuti musapiteko.

Ife tili ku Joni kuno ambiri mapepala athu sali bwino. Mliri ukabwera adzatiwerengera? Mnyamata wa ku Johannesburg

Achimwene, malamulo a dziko la eni sindingakulonjezeni, ndipo pa Covid anthu opanda ziphaso anavutikadi poti kalembera wake ankafuna nambala ya chiphaso kapena pasipoti. Koma ku mbali ya zaumoyo nkhani ndi yachidziwikire, kachilombo sikafunsa pasipoti, munthu wogona m'chipinda cha anthu 6 nkumakwera takisi yodzaza mmawa uliwonse akasiyidwa osabayidwa ndiye kuti eni dziko omwe sanatetezeke. Ngati muli ndi TB, HIV, asima kapena shuga muli m'gulu loyenera kuyamba kulikonse komwe muli, sungani kabuku kanu ka kuchipatala pabwino ndipo musasiye mankhwala. Dziwaninso mabungwe othandiza alendo ndi mipingo ya a kwathu m'dera lanu, nthawi ya mavuto uthenga woona wa komwe akubaya popanda kufunsa zambiri umadzera kumeneko.

Mukukamba za mzere wa m'dziko muno, nanga mzere wa maiko? Si paja Africa imakhala kumapeto nthawi zonse? Wophunzira wa ku Zomba

Mwalasa. Mu 2009 maiko olemera anali atasainirana kale mapangano ndi makampani mliri usanayambe, nde katemera woyamba yense anali ndi eni ake. WHO inapempha thandizo nkusonkhanitsa katemera pafupifupi 78 miliyoni yemwe anapita kumaiko 77 osauka, koma ambiri mwa maiko a mu Africa anamulandira mu 2010 mliri utatsika kale, paja WHO inalengeza kuti watha pa 10 Ogasiti 2010. Chowawa nchoti kuwerengetsa komwe ndatchula kuja kunasonyeza kuti pafupifupi theka la imfa zonse linachitika ku Africa ndi kumwera chakummawa kwa Asia. Namwino wa ku Africa anadikira pomwe munthu wathanzi wa ku Ulaya wosakhala m'gulu lililonse loopsa anabayidwa, ndipo maiko ena anatsala ndi katemera wambiri wosagwiritsa ntchito.

Dziko la Indonesia linaziona zimenezi msanga. Mu 2007 nduna yawo ya zaumoyo Siti Fadilah Supari inakana kupitiriza kutumiza tizilombo ta H5N1 ku ma labu a WHO, inati ife tikupereka kachilombo ulere, makampani apanga katemera nkudzatigulitsa pamtengo womwe sitingathe. Ambiri anamudzudzula kuti akuika dziko lonse pachiswe, ndipo kubisa kachilombo nkoopsadi, koma mkanganowo ndi womwe unabala mgwirizano wa 2011 womwe umati makampani olandira tizilombo ta chimfine azipatulira WHO gawo la katemera wawo nthawi ya mliri. Mu Meyi 2025 maiko anavomerezanso pangano lina lalikulu la za miliri lomwe likukamba zoti makampani azipatulira WHO katemera 20 mwa 100 aliwonse omwe apanga. Papepala nzabwino, koma Covid inationetsa kuti mantha akafika maiko okhala ndi mafakitale amatseka zipata, India yomwe inaimitsa kutumiza kunja katemera wa AstraZeneca mu 2021 matenda atawapanikiza kwawo ndipo ife tinakhala tikudikira katemera wobaya kachiwiri. Africa imagula kunja pafupifupi katemera wake yense, bungwe la African Union linaika cholinga choti pofika 2040 tizipanga tokha 60 mwa 100, ndipo malo opangira katemera ngati Institut Pasteur ku Dakar ndi Biovac ku Cape Town ndi omwe tikuyang'anako. Inu ophunzira za sayansi ntchito ndi imeneyo. Pakadali pano kuchepa kwa katemera wofika kunoko ndi chifukwa china chomwe mzere wathu wa m'dziko uyenera kukhala woongoka kuposa wa ena, tilibe wotaya.

Ndili ndi pakati pa miyezi 5. Apongozi anga akuti woyembekezera sabayitsa katemera wachilendo, mwana angabadwe wolumala. Koma inu mukuti ife tili m'gulu loyamba. Ndimvere ndani? Mayi wa ku Ndirande, Blantyre

Mayi, apongozi anu akunena chifukwa chokonda mdzukulu wawo, nde musakangane nawo, atengeni mupite nawo kusikelo akamve okha kwa anamwino. Chomwe chimachitika nchoti mimba ikamakula mapapo amapanikizika ndipo chitetezo cha thupi chimasintha, nde chimfine chomwe mnzanu angachire m'masiku ochepa inu chikhoza kusanduka chibayo choopsa, komanso kutentha thupi kwambiri kumatha kuyambitsa kubereka masiku asanakwane. Ku America mu 2009 amayi oyembekezera anali pafupifupi mmodzi mwa anthu 100 aliwonse m'dzikomo, koma pa omwalira ndi chimfinecho anali 5 mwa 100. Nchifukwa chake amaikidwa patsogolo.

Katemera wa chimfine wobaya pamkono alibe kachilombo kamoyo, sangakupatseni chimfine inu kapena mwana, ndipo wakhala akuperekedwa kwa amayi oyembekezera kwa zaka zambiri m'maiko osiyanasiyana popanda umboni woti amalumalitsa ana. Kafukufuku ku Bangladesh, ku Mali, ku Nepal ndi ku Soweto anaonetsa kuti mayi akabayidwa ali ndi pakati chitetezo chimadutsa kupita kwa mwana, zomwe nzofunika zedi poti khanda losakwana miyezi 6 silingabayidwe katemera wa chimfine palokha. Pali katemera wina wa chimfine wopopera m'mphuno, ameneyo ndiye sapatsa oyembekezera. Ngati muli ndi HIV nkhaniyi ikukukhudzani kawiri, kafukufuku wa ku Blantyre konko anapeza kuti akulu omwe ali ndi HIV amadwala chimfine kwambiri komanso modetsa nkhawa kuposa ena, nde ma ARV musadumphitse.

Panopa kulibe mliri wa chimfine, nde pitirizani sikelo monga mwa nthawi zonse, landirani katemera wa kafumbata ndi mankhwala a malungo omwe akukupatsani. Mukamva kutentha thupi, kutsokomola ndi kubanika musadikire kuti kuche kawiri kapena kungogula panado pa okala, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukafika nenani msanga kuti ndinu oyembekezera.